Eric Schopler: katswiri amene anachotsa mlandu wa autism pamutu pa amayi

Mwana akafika zaka zitatu asanayambe kulankhula, ukamuitana dzina osacheuka koma njinga yamoto ikalira patali iye n'kutseka makutu, pakhomo sipachedwa kubuka mlandu. Kaya ndi kwa Santhe, ku Chamama kapena pa esiteti ya fodya kufupi ndi Chinkhoma, nkhani yake imayenda mofanana. Bambo akakhala kuti fodya wawo anayenda bwino ku okushoni n'kugula ngolo, anthu amanong'onezana kuti anakhwimira mwana. Akakhala osauka, chala chimaloza mayi: anamusempha mwanayu, kapena anachita zosayenera ali woyembekezera. Akuchimuna amati kwathu kulibe mtundu wotere, akuchikazi nawo n'kubweza mawu omwewo. Pamene akuluakulu akukokanakokana chonchi, mwana uja ali kuseri kwa nkhokwe akundandalika zitsononkho mzere umodzi, monga anachitira dzulo ndi dzana.

Mwana wotereyu akhoza kukhala ndi autism. Uku ndi kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo komwe kumaonekera m'mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya kumvana ndi anthu: kuyang'anana m'maso, kuloza chinthu kuti mnzako achione, kusewera masanje ndi anzake, kulankhula. Mbali inayo ndi ya kubwerezabwereza zinthu, kukakamira dongosolo limodzi, komanso kumva phokoso, fungo kapena kukhudzidwa mopyola kapena mochepera anthu ena. Si misala ndipo sipatsirana. Ena salankhula moyo wawo wonse, ena amafika ku yunivesite. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nayo, ndipo anyamata opezeka nayo amachuluka katatu kapena kanayi kuposa atsikana.

Kuloza mayi chala si khalidwe la kumudzi kokha. Anthu a madigiri ku America anachita zomwezo kwa zaka zoposa makumi awiri, kungoti iwo ankazilemba m'mabuku. Dokotala Leo Kanner wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore ndiye anafotokoza za ana 11 otere mu 1943, ndipo m'zolemba zake anatchulamo kuti makolo awo ankaoneka opanda chisangalalo ndi ana. Ena anatola mawu amenewa n'kuwakuza mpaka panabadwa dzina lonyoza, lakuti amayiwa ndi ozizira ngati firiji. Amene anafalitsa kwambiri maganizowa anali Bruno Bettelheim, mkulu wa sukulu ya ana ovutika maganizo pa yunivesite ya Chicago. Iye anakhalapo mkaidi m'misasa ya chipani cha Nazi ku Dachau ndi Buchenwald, ndipo ankati mwana wa autism amadzitsekera m'kati monga mkaidi, pothawa mayi amene sakumufuna. Mankhwala ake tsono anali kumuchotsa mwanayo kwa makolo.

Eric Schopler anaphunzira pa yunivesite yomweyo ndipo anaziona izi ndi maso ake. Anabadwira ku Fürth m'dziko la Germany mu 1927, m'banja la Chiyuda lomwe linathawa Hitler mu 1938 n'kukakhala ku Rochester, m'chigawo cha New York. Munthu amene ali mwana anaona mtundu wake ukusenzetsedwa milandu ya dziko lonse sakanachedwa kuzindikira pamene anthu ena akusenzetsedwa mlandu wosawakhudza. Mu 1971 analemba nkhani yonena kuti makolo a ana amenewa asandutsidwa mbuzi yosenza machimo a ena, ija ya m'buku la Levitiko, chifukwa akatswiri posadziwa chochita ankafuna wina woti amukankhire kulephera kwawo.

Kafukufuku wa digiri yake ya udokotala wa saikoloji, yomwe anaimaliza mu 1964, sanali wa chikondi cha mayi ayi. Ankafufuza mmene anawa amagwiritsira ntchito kukhudza poyerekeza ndi kuona. Funso limeneli palokha linkasuntha kale nkhani kuichotsa pa mtima wa mayi kuipititsa ku ubongo wa mwana. Chaka chomwecho anakayamba ntchito pa yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill, ndipo mu 1966, pamodzi ndi dokotala Robert Reichler, anayambitsa chinthu chomwe anzawo ambiri ankachiona ngati kusokoneza ntchito: kuika makolo kukhala aphunzitsi a ana awo.

Ankachita motere. Katswiri amakhala ndi mwana m'chipinda, makolo ali kuseri kwa galasi loti wakunja amaona zam'kati koma wam'kati saona kunja, ndipo katswiri wachiwiri amakhala nawo pambali kuwafotokozera zomwe zikuchitika. Akamabwerera kwawo ankapatsidwa ntchito zolembedwa zoti azichita ndi mwana tsiku lililonse. Pobweranso malo ankasinthana: makolo m'chipinda ndi mwana, akatswiri kuseri kwa galasi. Apa ndi pomwe zinaonekera kuti kawirikawiri mwana amachita bwino ndi amake kuposa ndi mlendo wa digiri. Kafukufuku wina wa gulu lomweli, wa 1971, anaonetsa kuti anawa amaphunzira bwino pamene wamkulu wakonza dongosolo la chochita kusiyana ndi pamene angosiyidwa kuti azisewera mmene afunira, chonsecho kuwasiya n'kumene kunali m'fasho masiku amenewo.

Ndalama za kafukufuku zitatsala pang'ono kutha, makolo omwe aja ndiwo anapita kwa aphungu a nyumba ya malamulo ya North Carolina. Mu 1972 nyumbayo inakhazikitsa pulogalamu ya TEACCH, yophunzitsa ana a autism ndi makolo awo, kuti ithandize chigawo chonse pa ndalama za boma, ndipo inali yoyamba ya mtundu umenewu ku America. Schopler anaitsogolera zaka pafupifupi makumi awiri, anakhalanso mkonzi wa magazini yaikulu ya kafukufuku wa autism kwa zaka zoposa makumi awiri kuyambira mu 1974, ndipo anamwalira mu 2006.

M'chaka chomwecho anamwaliranso Bernard Rimland, katswiri wina wa saikoloji yemwe mwana wake weniweni anali ndi autism. Buku lake la 1964 linatsutsa kwambiri zoti vuto ndi mayi, ndipo mu 1965 anathandiza kuyambitsa bungwe la makolo lomwe lero ndi Autism Society of America. Tiyenera kumuyamika pa zimenezo. Koma pambuyo pake anakhulupirira kwambiri mavitamini ochuluka ngati mankhwala, n'kuyambanso kuloza katemera, ndipo pamenepo anaphonya. Kafukufuku wa Andrew Wakefield wa 1998, yemwe anayatsa moto wa nkhani ya katemera wa chikuku, anali wa ana 12 okha, anapezeka ndi chinyengo, magazini ya Lancet inamuchotsa mu 2010, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ana mazana a zikwi ku Denmark sanapeze kugwirizana kulikonse. Chomwe chimapusitsa makolo ndi nthawi chabe: jakisoni wachiwiri wa chikuku kusikelo amabayidwa pa miyezi 15, msinkhu womwewo umene zizindikiro za autism zimayamba kuonekera, mwana abayidwe asabayidwe. Komanso rubella (nthenda yotulutsa zidzolo ngati chikuku), yemwe katemera wathu wakhala akuteteza kuyambira mu 2017, ndiye amene akagwira mayi woyembekezera amaonjezera mpata woti mwana abadwe ndi autism.

Umboni wolimba wa chiyambi chake unachokera ku mapasa. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa a m'mabanja 21 ku Britain. Mwa mapasa 11 ochokera ku dzira limodzi, m'mabanja anayi ana onse awiri anali ndi autism, pomwe mwa mapasa 10 osafanana panalibe ngakhale banja limodzi lotere, chonsecho onsewo analeredwa ndi mayi mmodzi m'nyumba imodzi. Lero zikudziwika kuti gawo lalikulu ndi la kumtundu, kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina ndi kusintha kongochitika mwa mwanayo komwe bambo ndi mayi alibe. Mkangano wa akuchimuna ndi akuchikazi uja tsono ulibe wopambana. Kubadwa masiku asanakwane, makolo kukhala achikulire, ndi mankhwala a khunyu a sodium valproate pa nthawi ya pakati zimaonjezerako mpata. Banja lomwe lili kale ndi mwana wa autism lidziwe kuti mwa ang'ono ake, pafupifupi mmodzi mwa asanu amapezekanso nayo, choncho wakhandayo ayang'aniridwe msanga. Kumva zilankhulo ziwiri pakhomo, monga Chichewa ndi Chitumbuka cha ku Nkhamenya, sikuyambitsa autism.

Kuyeza kwake

Autism sioneka m'magazi kapena pa sikani. Imadziwika poyang'ana mwana ndi pofunsa omulera. Chida chomwe Schopler ndi anzake anatulutsa mu 1980, chotchedwa CARS, chimayang'ana mbali 15, monga kugwirizana ndi anthu, kutsanzira, kugwiritsa ntchito zinthu, kulandira kusintha, mantha, kulankhula ndi pakamwa ndi kulankhula ndi manja. Mbali iliyonse imalandira malikisi kuyambira 1 mpaka 4, choncho onse pamodzi amakhala pakati pa 15 ndi 60. Kuchepera 30 ndiye kuti mwana sali m'gululi, 30 mpaka 36.5 ndi yocheperako, 37 kupita m'mwamba ndi yaikulu. Palinso M-CHAT-R, mafunso 20 a eya kapena ayi ofunsa makolo a mwana wa miyezi 16 mpaka 30. Amenewa sapereka chigamulo, amangosonyeza mwana woyenera kuyezedwa mozama.

Zida zochokera kunja zili ndi msampha wake kuno. Mwana wa Chichewa wolangizidwa bwino sayang'anitsitsa munthu wamkulu m'maso, ndipo akaona mlendo wa yunifolomu amangoti zii. Woyeza wosadziwa mwambo akhoza kulemba ulemu ngati chizindikiro. Yang'anani mmene mwanayo amachitira ndi amake ndi ana anzake, osati ndi inu. N'chifukwa chake chida cha MDAT, chomwe chinapangidwira m'Malawi muno n'kusindikizidwa mu 2010, n'chofunika: chili ndi zoyesa 136 m'mbali zinayi za kakulidwe, zogwirizana ndi moyo wa ana a kumudzi. Sichiyeza autism mwachindunji, koma chimaonetsa mbali yomwe mwana watsalira.

Makutu ayezedwe zonse zisanachitike. Mwana wosamva sacheuka akaitanidwa ndipo salankhula, koma amaloza, amakoka dzanja lako akukuyang'ana kumaso, amatsanzira amake kusinja. Wa autism kawirikawiri amagwira dzanja lako n'kuliika pa chinthu ngati chipangizo, osakuyang'ana. Mufunsenso ngati mwana anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo kapena matenda oumitsa khosi, chifukwa amenewa amatha kulanda mwana kumva, kulankhula ndi khalidwe lake lakale. Zizindikiro zoti musadikire nazo ndi izi: kusacheuka poitanidwa dzina pofika chaka chimodzi, kusaloza zinthu pofika miyezi 18, kusalumikiza mawu awiri pofika zaka ziwiri, ndi kutaya mawu omwe ankawadziwa kale pa msinkhu ulionse. Mawu akuti "amalume ake nawonso anachedwa kulankhula" adyetsa ana ambiri zaka zomwe akanaphunzira.

Lichero la kumanzere, dengu la kumanja

Njira ya TEACCH inamangidwa pa mfundo imodzi: ana ambiri a autism amamvetsa zooneka ndi maso kuposa zolankhulidwa. Mawu amauluka, koma chikho choikidwa pamkeka chimakhala pomwepo mpaka mwana atachimvetsa. Anthu a ku Kasungu sadabwa kuti mwana wa pasukulu ya osaona ya Chilanga amawerenga ndi zala. Apanso ndi chimodzimodzi, uthenga umadutsa pa khomo lomwe lili lotsegula. Ndipo zipangizo zake sizifuna ndalama.

Yambani ndi malo. Sankhani ngodya imodzi ya nyumba kapena ya khonde, yalani mkeka womwewo tsiku lililonse, mwana akhale moyang'ana khoma osati kubwalo komwe kukudutsa nkhuku ndi anzake. Wailesi izimitsidwe. Pamkeka umenewo pazichitika ntchito yokha, kudya ndi kusewera zikhale ndi malo ena.

Kenako dongosolo la tsiku. Kwa mwana wosalankhula musayambe ndi zithunzi, yambani ndi zinthu zenizeni: chikho kutanthauza phala, sopo kusamba, nsapato ulendo, kansalu kogona nako kukagona. Mumupatse chinthucho m'manja, munene liwu limodzi, mupite naye komweko nthawi yomweyo. Akazolowera, ikani ziwiri pathabwa kapena pakatoni, choyamba ndi chotsatira, ndipo chachiwiricho chikhale chomwe amachikonda. Zitatu kapena zinayi zibwere pakapita masabata, zithunzi pambuyo pake.

Ntchito yeniyeniyo iyankhe mafunso anayi popanda munthu kutsegula pakamwa: ndichite chiyani, zochuluka bwanji, ndidziwa bwanji kuti ndamaliza, ndipo kenako n'chiyani. Kumanzere kwa mwana ikani malichero awiri, lililonse ndi ntchito yake. Kumanja ikani dengu la zomalizidwa. Lichero loyamba likhale, mwachitsanzo, ndi zitsekerero za mabotolo zisanu ndi chitini chobooledwa pamwamba. Zitsekerero zikatha ntchito yatha, chitini chilowe m'dengu. Lachiwiri likhale ndi zitsekerero zofiira ndi zobiriwira ndi mbale ziwiri, mbale iliyonse muli kale chimodzi cha chitsanzo. Kwa mwana amene amaika zinthu m'kamwa gwiritsani ntchito zitsononkho kapena zikho, osati nyemba kapena mtedza zomwe zingamutsamwe kapena kulowa m'mphuno. Mphindi zisanu kawiri kapena katatu pa tsiku n'zokwanira poyamba. Malichero akatha, alandire chomwe chili pamapeto a dongosolo lija.

Posankha chophunzitsa, Schopler anasiya nzeru yabwino m'chida chake china cha 1979 chotchedwa PEP. M'malo mwa kukhoza ndi kulephera kokha, anaikapo gawo lapakati la luso lomwe likungophuka kumene, pamene mwana wayesa koma sanafikitse. Phunzitsani pamenepo. Mwana amene amagwira supuni koma phala n'kutayikira m'njira ali pafupi kudya yekha. Amene sayang'ana n'komwe pensulo asakakamizidwe kulemba dzina chifukwa choti anzake a ku mkombaphala ayamba. Luso losankha ndi kundandalika lomweli ndi lomwe akadzakula limasanduka kusankha mtedza, kutonola chimanga ndi kulongedza mbewu m'matumba.

Zimalakwika pati? Kwambiri pakamwa pa akuluakulu. Mayi akuti tenga, agogo akuti ika umo mdzukulu wanga, mchemwali wake akubwereza, ndipo mwana amene amafuna kanthawi kuti amvetse liwu limodzi walandira khumi. Nenani kamodzi, werengani chamumtima mpaka khumi, ndipo akapanda kuyamba mutsogolereni dzanja muli kumbuyo kwake, osalankhula. Thandizo limenelo lizichepa: lero dzanja, mawa chigongono, mkuja kungoloza. Mukapanda kulichepetsa mwana amaphunzira kudikira dzanja lanu, osati ntchitoyo. Kulakwa kwina ndi kukhuthula chitini iye akuona kuti abwerezenso. Kwa iyeyo ndiye kuti mawu akuti "tamaliza" ndi bodza, ndipo mawa adzakana kukhala pamkeka. Kwinanso ndi kusasintha kanthu mpaka dongosolo lisanduke ndende. Akazolowera, muzisintha dala kamodzikamodzi mndandanda wa zinthu pathabwa, kuti aphunzire kutsata thabwalo osati kuloweza tsiku. Maliro akagwa kapena ulendo wa kuchigayo ukabwera mwadzidzidzi, thabwa lomwelo ndi lomwe lidzamuuze.

Mwana akayamba kudzimenyetsa mutu, kuluma kapena kukuwa kuposa kale, ganizirani ululu musanaganize za mwano: dzino lobooka, khutu lotuluka mafinya, kudzimbidwa, malungo. Sangathe kunena pomwe pakupweteka. Zimenezi zikapanda kupezeka, lembani m'kope kwa masabata awiri zomwe zinachitika asanayambe, zomwe anachita, ndi zomwe anapeza pambuyo pake. Kawirikawiri mudzaona kuti akuthawa phokoso, akufuna chinthu, kapena china chasintha osamuchenjeza. Kukwapula kumaonjezera mantha, kumumanga chingwe kapena kumutsekera m'nyumba ndi nkhanza. Koma mantha a makolo omwe amafika pomanga mwana ndi enieni, chifukwa ana ambiri otere amangochoka osatsanzika ndipo amakopeka ndi madzi. Zitsime za kudimba zivundikiridwe, chitseko chikhale ndi loko wam'mwamba, mankhwala opopera fodya ndi a m'chimanga atsekeredwe, ndipo anansi, a mfumu ndi a kabaza a pamsika adziwitsidwe kuti akamuona yekha kumsewu wa M1 kapena kumtsinje amubweze.

Palibe mankhwala ochiza autism, a kuchipatala kapena a kwa sing'anga. Risperidone amachepetsa ukali woopsa koma amanenepetsa ndi kugonetsa, ndipo ndi woyenera kulembedwa ndi dokotala yekha. Khunyu limapezeka kawirikawiri mwa anawa ndipo limeneli lili ndi mankhwala, kungoti phenobarbitone amatha kupangitsa mwana kukhala wosakhazikika, choncho khalidwe likasintha atayamba kumwa, kauzeni adokotala, musasiye nokha.

Njira ya Schopler nayonso si yozizwitsa. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za makafukufuku 13 mu 2013, anapeza kuti phindu lake pa kulankhula ndi pa nzeru ndi lochepa, lokulirapo linali pa khalidwe ndi kukhala ndi anthu, ndipo makafukufukuwo anali aang'onoang'ono. Iye mwini sankalonjeza kuchiza. Chomwe chakhalitsa ndi mfundo yoti makolo aphunzitsidwe, ndipo maphunziro a WHO a olera ana ochedwa kukula, a misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu a kunyumba, operekedwa ndi anthu omwe si akatswiri, akuyenda m'mapazi omwewo.

Akatswiri a saikoloji ya ana ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ntchito yawo ndi kuyeza ndi kuphunzitsa, salemba mankhwala. Kholo la ku Kasungu liyambire kwa alangizi a zaumoyo kusikelo, omwe angalitumize kuchipatala cha boma paboma kukaonana ndi a za maganizo ndi a mafizo, ndipo kuchokera kumeneko ku Kamuzu Central kapena ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Makutu amayezedwa ku chipatala cha ABC (African Bible College) ku Lilongwe. Za sukulu funsani kwa mlangizi wa masukulu a pulayimale (PEA) ku TDC ya dera lanu komwe kuli mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo makolo anzanu mungawapeze kudzera ku PODCAM, bungwe la makolo a ana olumala. Popita kuchipatala tengani buku la kusikelo, kope la masabata awiri lija, ndi mavidiyo awiri kapena atatu a pafoni, a mphindi imodzi iliyonse: ina mwana akusewera yekha, ina mukumuitana dzina muli kumbuyo kwake, ina ali pakati pa anzake. M'chipinda cha dokotala mwana akhoza kungolira kapena kungokhala duu, ndipo zomwe amachita kuseri kwa nkhokwe zidzaoneka pafoni pokhapo.